Mapeptide odzilumikiza okha: njira ina yolimbana ndi mabakiteriya osamva mankhwala

Mkati mwa matumbo aang'ono a munthu aliyense muli timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo pansi pa timaenje timeneti pali maselo otchedwa Paneth, omwe ntchito yawo ndi kutulutsa tinthu toteteza thupi ku tizilombo tolowa ndi chakudya. Kamodzi mwa tinthu timeneti, kapeptide kotchedwa HD6, kanaimitsa mitu akatswiri kwa zaka zambiri, chifukwa ngakhale kapangidwe kake ndi kofanana ndi ka tinzake topha mabakiteriya, iko akakayesa m'labotale sikankapha kanthu kwenikweni. Yankho linadziwika m'chaka cha 2012, pamene gulu la Charles Bevins la ku University of California, Davis, linaonetsa kuti HD6 ikangokhudza titsitsi ndi timichira ta pathupi pa bakiteriya wa Salmonella, mamolekyu ake (tizigawo take tating'onoting'ono kwambiri) amayamba kugwirana okhaokha, imodzi pambuyo pa inzake, mpaka kuluka ukonde wa timaulusi womwe umakulunga mabakiteriyawo. Akakodwa motero amakhalabe amoyo, koma sangasunthe ndipo sangathe kuboola matumbo kuti alowe m'magazi. Molekyu imodzi payokha ilibe mphamvu iliyonse. Mphamvu imabwera zikwizikwi za mamolekyuwo zikalumikizana. Mfundo imeneyi ndiyo phata la kafukufuku yemwe akuchitika m'mayunivesite ambiri lero, wofuna kupanga mwadala mapeptide omwe angadzimange okha kukhala zida zolimbana ndi matenda.

Peptide ndi unyolo waufupi wa tizidutswa totchedwa amino acid, tomwe ndi timene timapanganso mapuloteni a m'nyemba, m'nsomba ndi m'minofu yathu. Mitundu ya tizidutswati yomwe matupi amoyo amagwiritsa ntchito kwambiri ndi 20, ndipo unyolo ukakhala wa tizidutswa tochepa, kuyambira pa tiwiri kufika cha m'ma 50, umatchedwa peptide, pamene wautali kuposa pamenepo ndiye puloteni. Tizidutswati sitifanana makhalidwe. Tina, monga valine, alanine ndi phenylalanine, timathawa madzi monga momwe mafuta amachitira. Tina timakonda madzi. Tina, monga lysine ndi arginine, timanyamula mphamvu yamagetsi ya pozitivi, pamene glutamic acid ndi aspartic acid ili ndi ya negetivi. Munthu akasanja tizidutswati mwanzeru, kuti mbali imodzi ya unyolo ikhale yothawa madzi ndipo inayo yokonda madzi, ndiye n'kuthira mapeptide otere m'madzi, mbali zothawa madzi zimafunana kuti zibisalirane, mbali za pozitivi zimakokana ndi za negetivi, ndipo misana ya maunyolowo imagwirana ndi timfundo tofooka ta hydrogen. Palibe makina amene amawasanja. Kamfundo kalikonse pakokha n'kosachedwa kumasuka, koma tikachuluka timapanga chinthu cholimba: ulusi wautali, kachubu, kampira, kapena jeli yemwe gawo lake lalikulu, nthawi zambiri 99 pa 100 aliwonse, ndi madzi okhaokha.

Ulusi woterewu umakhala wa nanomita zochepa chabe m'lifupi mwake, nthawi zambiri zosapitirira 10. Nanomita ndi gawo limodzi la mita yogawidwa m'magawo 1 biliyoni. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi nanomita 80,000, ndipo bakiteriya wa E. coli ndi wotalika pafupifupi nanomita 2,000. Choncho zidazi ndi zazing'ono kwambiri kwa ife, koma kwa bakiteriya ndi za msinkhu woti n'kumukola, kumubaya kapena kumung'amba.

Chomwe chikukankha kafukufukuyu ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Kafukufuku wamkulu yemwe anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa chenicheni chakuti mabakiteriya omwe anawadwalitsa sanamve maantibayotiki, ndipo vutoli linakhudzanso imfa zokwana pafupifupi 4.95 miliyoni. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, dera lomwe linavutika koposa ndi Africa ya kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Blantyre, ofufuza omwe anaunika zotsatira za magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti pofika kumapeto kwa nthawiyo, pafupifupi 9 mwa mabakiteriya 10 aliwonse a Klebsiella opezeka m'magazi anali osamva ceftriaxone, jakisoni yemwe madokotala amadalira wodwala akafika ali kayakaya. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anali atachenjeza kale za zimenezi polandira mphotho ya Nobel mu 1945.

Chifukwa chake chimamveka munthu akaona mmene maantibayotiki ambiri amagwirira ntchito. Aliyense amalunjika pa chinthu chimodzi m'thupi la bakiteriya: penisilini amatseka maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) omanga khoma la selo, ciprofloxacin amasokoneza enzaimu yomasula DNA, gentamicin amalepheretsa malo opangira mapuloteni. Zili ngati kiyi yemwe anasulidwira loko imodzi, moti mwininyumba akangosintha loko, kiyiyo watha ntchito. Bakiteriya amatha kusintha pang'ono chabe puloteni yomwe mankhwala amagwira, kapena kupanga enzaimu yodula mankhwalawo, kapena kuwapopera kunja asanamuvulaze, ndipo popeza ena amaberekana mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera, kusintha kopindulitsako kumafalikira msanga. Mapeptide ambiri opha mabakiteriya amalimbana ndi nembanemba yokuta selo lonse. Nembanemba ya bakiteriya ili ndi mphamvu ya negetivi kunja kwake, pamene kunja kwa maselo a munthu kulibe mphamvu yoteroyo yochuluka, ndiponso maselo athu amalimbitsidwa ndi cholesterol yemwe mabakiteriya ambiri alibe. Motero peptide ya pozitivi imakokedwa ndi bakiteriya kuposa selo la munthu, imamatirira, mbali yake yothawa madzi n'kulowa m'mafuta a nembanembayo, ndipo mapeptide akachuluka pamalo amodzi amatsegula mabowo. Mchere ndi zina zam'kati zimatayika, mphamvu yomwe bakiteriya amadalira kuti akhale ndi moyo imatha, ndipo nthawi zina amafa m'mphindi zochepa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. René Dubos anapeza gramicidin m'bakiteriya wa m'dothi ku New York mu 1939; Hans Boman wa ku Stockholm anapeza cecropin m'tizilombo ta mtundu wa agulugufe mu 1981; ndipo mu 1987 Michael Zasloff, atadabwa kuti achule a kum'mwera kwa Africa otchedwa Xenopus laevis ankachira mabala a opaleshoni popanda mafinya ngakhale ankawabwezera m'madzi akuda, anapeza magainin pakhungu lawo. Chiyembekezo chinali chachikulu, koma mankhwala opaka a pexiganan, ochokera ku magainin ndipo opangira zilonda za kumapazi za odwala shuga, anakanidwa ndi bungwe lovomereza mankhwala la FDA la ku America mu 1999, ndipo atayesedwanso analephera mu 2016. Mapeptide oyenda okhaokha ali ndi zofooka zodziwika bwino: maenzaimu a m'magazi ndi a m'mafinya amawadula msanga, impso zimawasefa m'mphindi zochepa, ndipo kuti achuluke mokwanira pathupi pa bakiteriya pamafunika mlingo waukulu womwe umayamba kuphulitsa maselo ofiira a magazi. Kudzilumikiza kukuyesedwa ngati yankho la zofooka zimenezi, chifukwa peptide yomwe yalukidwa mu ulusi siidulika msanga, imakhala pamalo pomwe yaikidwa, ndipo imafika pa bakiteriya ili kale chigulu.

Mbiri ya mapeptide odzilumikiza opangidwa ndi anthu imayambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Shuguang Zhang, akugwira ntchito m'labotale ya Alexander Rich ku yunivesite ya MIT ku America, anaona kachigawo kachilendo m'puloteni ya yisiti yotchedwa zuotin, momwe tizidutswa titatu tokha tinkabwerezabwereza mwadongosolo. Atapanga kachigawoko pakokha, ka tizidutswa 16, n'kukathira m'madzi a mchere, kanapanga kansalu kopyapyala kooneka ndi maso, ndipo zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1993. Peptide ina yochokera ku ntchito imeneyi, RADA16, ndiyo ili m'jeli wotchedwa PuraStat yemwe madokotala a ku Ulaya ndi kwina amagwiritsa ntchito poletsa magazi kutuluka akamachita opaleshoni yam'matumbo. Jeli ameneyu sapha mabakiteriya, koma ndi umboni wakuti chinthu chodzimanga chokha chingathe kupangidwa mochuluka, kusungidwa ndi kuvomerezedwa kuti chilowe m'thupi la munthu.

M'chaka chomwecho cha 1993, M. Reza Ghadiri wa ku Scripps Research Institute ku California anatulukira njira ina yochititsa chidwi. Ma amino acid ambiri amapezeka m'maonekedwe awiri otembenukirana, L ndi D, monga dzanja lamanzere ndi lamanja, ndipo matupi athu amagwiritsa ntchito L pafupifupi yekhayekha. Ghadiri anapanga timphete ta tizidutswa tosinthanasinthana, D kenako L kenako D, zomwe zimachititsa kuti kamphete kakhale kaphwatalala, ndipo timphete totere timasanjikizana kukhala kachubu kokhala ndi bowo pakati. Mu 2001 gulu lake linaonetsa kuti timphete ta tizidutswa 6 kapena 8 timalowa m'nembanemba ya bakiteriya n'kudzisanja momwemo, n'kuisiya ikudontha, ndipo mbewa zomwe zinabayidwa MRSA, mtundu wa Staphylococcus aureus wosamva mankhwala a gulu la penisilini, zinapulumuka zitalandira mapeptidewa. Ubwino wina ndi wakuti maenzaimu a m'thupi, omwe anazolowera kudula unyolo wa L wokhala ndi nsonga ziwiri, amavutika kugwira kamphete kosakaniza D.

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino koposa ubwino ndi kuvuta kwa ntchitoyi ndi peptide ya MAX1, yomwe Joel Schneider ndi Darrin Pochan anapanga ku University of Delaware. Ili ndi tizidutswa 20, makamaka valine ndi lysine mosinthana, ndipo pakati pake pali malo opindikira. M'madzi wamba ma lysine amakankhana popeza onse ndi a pozitivi, choncho unyolo umakhala wotambasuka ndipo zonse zimaoneka ngati madzi basi. Akathiramo mchere wofanana ndi wa m'thupi, kukankhanako kumachepa, unyolo uliwonse umapinda pakati, ma valine onse n'kuyang'ana mbali imodzi ndipo ma lysine mbali inayo, ndipo maunyolo opindawo amagwirana kukhala maulusi olukanalukana, moti galasi lomwe munali madzi likhoza kuzondotsedwa osataya kanthu. Jeliyu akakankhidwa m'sirinji amasungunuka n'kudutsa mu singano, ndipo akangotuluka amalimbanso, kutanthauza kuti akhoza kudzaza bala lakuya lokhotakhota lomwe bandeji singafikemo. Mu 2007 ofufuzawa anaonetsa kuti pamwamba pa jeliyu, popanda kuthirapo antibayotiki aliyense, pamafa mabakiteriya a magulu onse awiri akuluakulu, otchedwa Gram-positive ndi Gram-negative malinga ndi kapangidwe ka khoma lawo, kuphatikizapo Staphylococcus aureus, E. coli ndi Klebsiella pneumoniae, pamene maselo ofiira a magazi a munthu sanaphulike. Pambuyo pake anayesa kuika arginine m'malo mwa lysine kuti awonjezere ukali. Ataika ma arginine 8, jeli anapha mabakiteriya mwamphamvu koma anayambanso kuononga maselo a magazi. Atawachepetsa kufika pa 6, ukali unatsala wokwanira ndipo kuonongako kunachepa kwambiri. Tizidutswa tiwiri tokha ndi timene tinasiyanitsa mankhwala ndi poizoni, ndipo m'kuona kwanga aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono ayambire pamenepa.

Pali njira zinanso zomwe tingangozitchula. Samuel Stupp wa ku Northwestern University analengeza mu 2001 mapeptide okhala ndi mchira wa mafuta, omwe amapanga maulusi aatali. Ehud Gazit wa ku Tel Aviv University anaonetsa mu 2003 kuti ngakhale ma phenylalanine awiri okha, omwe anawatenga m'puloteni yomwe imaundana muubongo wa odwala Alzheimer, amapanga timachubu tolimba, ndipo mu 2017 gulu lake linapeza kuti tinthu timeneti timaononga nembanemba ya E. coli. Chodabwitsa kwambiri chinachokera ku chilengedwe chomwe. Teixobactin, antibayotiki yemwe gulu la Kim Lewis la ku Northeastern University linalengeza mu 2015 litamupeza m'bakiteriya wa m'dothi, ankadziwika kuti amagwira lipid II, chipangizo chomwe bakiteriya amamangira khoma lake. Mu 2022 Markus Weingarth ndi anzake ku Utrecht University anaona kuti akagwira chipangizocho, mamolekyu ake amalumikizana kukhala maulusi pamwamba pa nembanemba, n'kutsekera lipid II yense m'maulusiwo komanso kupyapyalitsa nembanembayo. Popeza maselo a munthu alibe lipid II, maulusiwo samangika pa iwo. Teixobactin sanafikebe m'zipatala ndipo amagwira mabakiteriya a gulu la Gram-positive okha, koma anaphunzitsa akatswiri kuti chida chabwino ndi chomwe chimadzimanga pokhapokha chikakumana ndi mdani.

Kumeneko ndiko kafukufuku wambiri akulowera tsopano. Bing Xu, amene anayambira kafukufukuyu ku Hong Kong kenako n'kupita ku Brandeis University, anapanga mapeptide omatidwa kachidutswa kowaletsa kugwirana, komwe kamachoka pokhapokha enzaimu inayake ikakadula. Mu 2007 gulu lake linaonetsa kuti enzaimu ya phosphatase ikhoza kuyambitsa jeli mkati mwenimweni mwa E. coli mpaka bakiteriyayo kuleka kukula, ndiponso kuti beta-lactamase, enzaimu yomwe mabakiteriya osamva mankhwala amadulira penisilini, ikhoza kukhala choyambitsa kulumikizanako, kotero kuti chida chomwe bakiteriya amadzitetezera nacho ndicho chimamuulula. Ena akugwiritsa ntchito asidi yemwe amachuluka pamalo otukusira. Ku Beijing, gulu la Hao Wang linalengeza mu 2020 peptide yotsanzira HD6, yomwe imazindikira khoma la Staphylococcus aureus n'kuluka ukonde pomwepo, ndipo inathandiza mbewa zodwala.

Pali mawu amene amabwerezedwa kawirikawiri polengeza zotsatira zotere, akuti mabakiteriya sangathe kuzolowera zida zoboola nembanemba. Mawu amenewa ndi okokomeza, ndipo ndikuona kuti akhoza kuononga ntchito yabwino. N'zoona kuti kusintha nembanemba yonse n'kovuta kuposa kusintha puloteni imodzi, koma mabakiteriya anayamba kalekale kuchita zimenezo. Staphylococcus aureus ali ndi puloteni yotchedwa MprF yomwe imamata lysine pamafuta a nembanemba yake, kuti kunja kukhale kwa pozitivi pang'ono ndipo mapeptide azikankhidwa. Colistin, yemwe ndi peptide ya pozitivi ndipo amasungidwa kuti akhale mankhwala omaliza zina zonse zikakanika, anakumana ndi zomwezi pamene jini (kachigawo ka DNA) ya mcr-1 inalengezedwa ku China mu 2015, itapezeka m'mabakiteriya a nkhumba ndi a anthu, ndipo jini imeneyi imachepetsa mphamvu ya negetivi pachikuto cha bakiteriya komanso imadumpha mosavuta kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake. Palinso nkhawa ina yozama: thupi lathu limadalira mapeptide akeake, monga ma defensin ndi LL-37, ndipo ngati titagwiritsa ntchito mosasamala mankhwala ofanana nawo kwambiri, tikhoza kuphunzitsa mabakiteriya kuzemba chitetezo chomwe tinabadwa nacho. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe njira yokola popanda kupha ikukopera chidwi, ngakhale nayonso iyenera kuyesedwa kwa nthawi yaitali.

Zopinga zina ndi za m'thupi lenilenilo. Peptide yomwe yachita bwino m'mbale ya labotale ikalowa m'magazi imakumana ndi mchere, mapuloteni ndi mafuta omwe amaimatirira n'kuifooketsa, ndipo imene inapangidwa kuti idzimange pabala ikhoza kudzimanga m'mtsempha kapena mu impso. Colistin yemweyo anasiyidwa m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chopweteka impso, ndipo anabwerera kokha chifukwa chosowa pogwira. Maulusi ambiri a mapeptide ndi ofanana kapangidwe ndi maulusi a amyloid omwe amapezeka m'matenda a ubongo, choncho pafunika umboni wakuti amasungunuka ndi kutuluka m'thupi ntchito ikatha. Ndiye pali mtengo. Njira yomangira mapeptide kachidutswa kamodzikamodzi pa timikanda tolimba, yomwe Bruce Merrifield anatulukira mu 1963 n'kulandira nayo mphotho ya Nobel mu 1984, ndi yodalirika koma imadya mankhwala osungunulira ochuluka, ndipo unyolo ukamatalika mtengo umakwera. Mbulu wa amoxicillin ndi wotchipa kwambiri poyerekeza ndi peptide ya tizidutswa 20, n'chifukwa chake mapeptide aafupi a tizidutswa tiwiri kufika tisanu, komanso njira zowapangitsa ndi yisiti kapena mabakiteriya m'matanki, ndi nkhani yofunika kwambiri kwa mayiko omwe zipatala zawo zimawerengera tambala iliyonse.

Pafupifupi zonse zomwe zafotokozedwazi zinayesedwa m'labotale ndi pa mbewa, osati pa odwala. Ngati zidazi zidzafike m'mawodi, ndikuyembekezera kuti zidzayambira pomwe dokotala angathe kuziika ndi dzanja: pa zilonda zamoto, pa zilonda za odwala shuga, m'mabala a opaleshoni, ndi pa machubu a mkodzo, makanyula ndi zitsulo zolumikizira mafupa. Pamalo oterewa mabakiteriya amadzimangira chikuto chomata chotchedwa biofilm, chonga litsiro loterera lomwe limamera pamano osatsuka, ndipo ali mkati mwake amapirira mlingo wa antibayotiki wochuluka kwambiri kuposa womwe ungawaphe ali paokha. Jeli yemwe amakhala pabala masiku angapo, kusunga chinyezi, kupha zomwe zamukhudza ndi kutulutsa pang'onopang'ono antibayotiki yemwe waikidwa mkati mwake, angathandize pamenepa popanda kudutsa mu impso. Koma ayenera kudzayesedwa pa anthu ambiri, moyang'anizana ndi zomwe anamwino akugwiritsa kale ntchito potsuka zilonda, monga silver sulfadiazine, ayodini ndi uchi, ndipo ayenera kupambana pa kuchiritsa, pa mtengo ndiponso pa kusungika m'chipinda chotentha chopanda firiji.